Zophodaphoda ndi zikhadabo za akazi kuyambira 1900 mpaka 1939: mafunso ndi mayankho

Ophoda akwatibwi, azisudzo ndi ojambula zithunzi amafunsa kawirikawiri za mmene akazi a ku Ulaya ndi ku America ankadzikongoletsera zaka 100 zapitazo. Mafunso ake ndi omweomwewo, ndiye ndawaika pamodzi, kuyambira ophweka.

Kodi "zachikale" zimenezi ndi za zaka ziti kwenikweni?

Tikunena za pakati pa 1900 ndi 1939, chaka chimene nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inayamba, ndipo malo ake ndi London, Paris, New York ndi Hollywood. Koma nkhope sinali imodzi ayi, zinalipo zitatu. Mpaka cha m'ma 1914, mkazi wolemekezeka ankafuna kuoneka ngati sanadzole kanthu: khungu loyera mbee, masaya ofiirira pang'ono basi. M'zaka za m'ma 1920 zinthu zinatembenuka: maso akuda bii, kamlomo kofiira psuu, nsidze zogwera pansi. Pofika m'ma 1930 nkhope inapepukanso, nsidze zinakwera m'mwamba, milomo inatambasuka, zikhadabo zinayamba kung'anima.

Munthu akabwera n'kunena kuti akufuna zachikale, ndimayamba ndamufunsa chaka. Kuphatikiza nsidze za 1935 ndi mlomo wa 1925 kuli ngati kuvala jekete la suti pamwamba pa kabudula wampira.

Ndinamva kuti poyamba kuphoda kunali kochititsa manyazi. N'zoona?

Zoona. M'nthawi ya Mfumu Edward VII ya ku Britain, kuyambira 1901 mpaka 1910, utoto woonekera pankhope unkatengedwa kuti ndi wa akazi azisudzo ndi akazi oyendayenda. Komatu sikuti amayi apabanja sankadzola. Ankadzola mobisa. Paudala wa mpunga anali wololedwa chifukwa ankangochotsa kunyezimira, ndipo ena ankayenda ndi timabuku ta timapepala tokhala ndi paudala, totchedwa papier poudré, n'kumathothola kamodzi kupukutira mphuno popanda wina kuona. Mtsikana akamalowa m'chipinda muli alendo, ankadzitsina masaya ndi kuluma milomo kuti magazi abwere.

Ngakhale amalonda ankayenda monyang'ama. Helena Rubinstein atatsegula saluni yake ku London mu 1908, ndi Elizabeth Arden yake pa Fifth Avenue ku New York mu 1910, onse anayamba n'kugulitsa mafuta osamalira khungu. Kusamalira khungu palibe akanakunena. Utoto unabwera pambuyo, makasitomala atazolowera kale khomo. Amene analimba mtima ndi Harry Gordon Selfridge, yemwe sitolo yake yaikulu inatsegulidwa pa Oxford Street mu 1909 ndipo inayamba kuyala zodzoladzola poyera m'malo mozibisa pansi pa kauntala.

Nanga chinasintha maganizo a anthu n'chiyani?

Chachikulu ndi ndalama ya m'thumba mwa mkazi mwini. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 akazi ambiri analowa m'mafakitale ndi m'maofesi, ndipo amene walandira malipiro ake safunsa chilolezo pogula paudala. Zavoti zinatsatira: ku Britain akazi ambiri opitirira zaka 30 analoledwa kuvota mu 1918, ku America akazi anavota m'dziko lonse mu 1920. Kanema nayenso anathandiza, chifukwa mkazi wazisudzo amene kale ankanyozedwa ndi amene tsopano aliyense ankafuna kufanana naye.

Pali china chimene ambiri sachiganizira: tsitsi ndi chipewa. Akazi atayamba kudula tsitsi kulekeza m'makutu n'kuvala chipewa chothina chotchedwa cloche, chimene chinkatsika mpaka pansidze, pankhope panatsala maso ndi mlomo basi. Zotsalazo zinayenera kulankhula mokweza. Kabokosi kachitsulo ka paudala kokhala ndi kagalasi mkati kanasanduka chinthu chonyadira, moti mtsikana ankakatulutsa dala patebulo mu lesitilanti kuti anthu amuone akuphoda.

N'chifukwa chiyani akazi a m'mafilimu akale amaoneka ngati adzola makala pamilomo?

Yankho ili ndi limene limamasula zambiri patsamba lino, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Filimu imene ankajambulira mpaka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, yotchedwa orthochromatic, sinkaona mtundu wofiira. Chofiira chilichonse chinkatuluka chakuda, pamene buluu ankatuluka wotuwa. Ndiye mlomo wofiira unkaoneka wakuda, masaya ofiira ankaoneka ngati olowa mkati, timadontho tapankhope tinkachita kuonekeratu, ndipo maso abuluu ankazimirira ngati a mzukwa. Pofuna kukonza zimenezi, azisudzo ankaphimba nkhope yonse ndi utoto wamafuta n'kuzunguliza maso ndi mzere wakuda.

Vuto linali lakuti utoto wapasiteji unali wolimba, munthu akangomwetulira unkang'aluka, ndipo kamera ikayandikira ming'aluyo inkaoneka. Max Factor, wopanga zophodaphoda yemwe anachokera ku Poland n'kufika ku America mu 1904 kenako n'kukhazikika ku Los Angeles, anatulutsa mu 1914 utoto wofewa wopangira kamera. Filimu yoona mitundu yonse, ya panchromatic, itafala, anasinthanso utoto wake mu 1928. Mafilimu amitundu a Technicolor atabwera, utoto wamafuta unkanyezimira n'kutengera mtundu wa zovala ndi makatani, choncho kampani yake inapanga Pan-Cake, wouma wopaka ndi siponji yonyowa, amene anayamba kugulitsidwa m'masitolo mu 1938.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mkazi woyenda mumsewu wa ku New York mu 1926 sanadzole mlomo wakuda. Unali wofiira, nthawi zina wofiira moderako ngati vinyo. Kudako ndi kwa kamera.

Kamlomo kakang'ono kooneka ngati mtima kaja ankakajambula bwanji?

Ankakatcha uta wa Cupid, potengera kamulungu kachikondi ka Aroma konyamula uta. Ankayamba n'kuphimba mlomo wonse ndi paudala kuti malire ake enieni asowe. Kenako ankajambula timapiri tiwiri tosongoka pamlomo wam'mwamba, n'kudzaza pakati pa mlomo wam'munsi, koma m'mbali monse osapakamo. Azisudzo a m'mafilimu Clara Bow ndi Mae Murray ndi amene anatchuka nawo. Nkhani imene imakambidwa ku Hollywood ndi yakuti Max Factor ankangodinda chala chachikulu kawiri pamlomo wam'mwamba ndi kamodzi pa wam'munsi, pothawa utoto umene unkasungunuka ndi magetsi otentha n'kuyenderera m'mbali mwa kamwa. Amene dzanja linkawanjenjemera ankagula kachitsulo kobooledwa mwa mawonekedwe a mlomowo n'kumangodzaza mkati.

M'ma 1930 Joan Crawford anachita zosiyana nazo: anapitiriza utoto kunja kwa malire, mlomo wam'mwamba n'kukhala wotambalala. Uta wa Cupid unathera pomwepo.

Lipisitiki wa nthawi imeneyo ankapangidwa ndi chiyani?

Phula la njuchi, mafuta ndi utoto. Mafuta ake nthawi zambiri anali a nsatsi, omwewa amene agogo athu ankadzola, ndipo mpaka lero mukawerenga pachikutiro cha lipisitiki mudzawapezapo. Kufiirako kunkachokera ku carmine, utoto wa tizilombo totchedwa cochineal timene timakhala pa zomera zaminga za ku Mexico ndi Peru, ndipo pambuyo pake ku utoto wopangidwa m'fakitale.

Chimene chinasintha zinthu si zamkati koma chotengera. Kale utoto wa milomo unkakhala m'kambiya kapena wokulungidwa m'pepala, wosayenda nawo m'chikwama. Cha m'ma 1915 kunabwera kachubu kachitsulo kokankha ndi kachitsulo kam'mbali, ndipo mu 1923 James Bruce Mason Jr. wa ku Nashville analembetsa kopotokola kamene tikukadziwa lero. Atsikana amene makolo awo ankawaletsa zofiira ankathawira kwa Tangee, wooneka walalanje m'chubu koma wosanduka wapinki akakhudza mlomo.

Nanga maso ndi nsidze?

Maso akuda anayamba pasiteji. Gulu lovina la Ballets Russes litafika ku Paris mu 1909 ndi maso ozunguliridwa utoto, akazi olemera anayamba kutengera pamaphwando ausiku. Theda Bara anawafikitsa pa kanema kuyambira 1915. Kenako mu November 1922 Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun, mfumu yakale, ku Egypt, ndipo chilichonse chachiiguputo chinagwira msika, kuphatikizapo kohl, ufa wakuda wozungulizira maso umene a Chiswahili amautcha wanja. Utotowo ankaupaka ndi chala, mozungulira, wochuluka pakati pa chikope, osaukokera kumbali ngati mmene timachitira masiku ano. Ena ankawonjezera kavasilini pamwamba kuti chikope chiwale.

Nsidze za m'ma 1920 zinali zozulidwa, zopyapyala, zazitali, zotsikira kumakutu, moti nkhope inkaoneka yachisoni. M'mafilimu opanda mawu zimenezi zinali zothandiza, chifukwa nkhope ndi imene inkayankhula. Za m'ma 1930 zinali zopyapyala koposa koma zokwera ngati utawaleza, monga za azisudzo Jean Harlow ndi Marlene Dietrich. Ena ankametaratu n'kujambula zatsopano ndi pensulo.

Chonde musazule nsidze zanu chifukwa cha tsiku limodzi la zithunzi. Nsidze zozulidwa mobwerezabwereza nthawi zina sizimeranso. Njira yake ili m'yankho lomaliza.

Kodi mascara, wodetsera tsitsi la m'zikope, analipo kale?

Analipo, koma osati wa m'kabotolo. Anali kachidutswa kouma ngati sopo m'kabokosi, pamodzi ndi kaburashi konga mswachi waung'ono. Munthu ankanyowetsa kaburashiko n'kukhutiza pa kachidutswako, ndipo tinene zoona, ambiri ankangolavulirapo. Kampani ya Maybelline inayamba ku Chicago mu 1915, pamene Tom Lyle Williams anaona mlongo wake Mabel akudetsa tsitsi la m'zikope ndi vasilini wosakaniza ndi zakuda zowotcha. Dzinalo ndi Mabel kuphatikiza Vaseline, ndipo mascara wawo wouma anatuluka mu 1917. Wa kandodo koviika m'chubu anadzabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Tsitsi la m'zikope loikirira nalonso si la lero: Anna Taylor wa ku Canada analilembetsa ku America mu 1911.

Penti asanabwere, zikhadabo ankazikongoletsa bwanji?

Ankazikwecha kuti ziwale. Mkazi wa 1905 ankaviika zala m'madzi ofunda a sopo, n'kukankhira m'mbuyo kakhungu ka kutsinde kwa chikhadabo ndi kamtengo kosongoka, n'kupala nsonga kuti ikhale yozungulira ngati dzira. Akatero ankapaka ufa kapena phala lofiirira pang'ono n'kukwecha ndi kachikopa kofewa kokhala ndi chogwirira, mpaka chikhadabo kunyezimira. Pansi pa nsonga ankapakapo zoyera. Kuwalako kunkatha tsiku limodzi kapena awiri, ndiye inali ntchito ya masiku onse. N'chifukwa chake zikhadabo zowala zinali chizindikiro chakuti mwini wake sachapa, satsuka mbale, ali ndi antchito.

Dzina loti kyutekisi linachokera kuti? Ndipo n'zoona kuti ndi penti wa galimoto?

Kyutekisi ndi Cutex, dzina la malonda a Northam Warren wa ku America. Chodabwitsa n'chakuti Cutex woyamba, wa mu 1911, sanali penti. Anali madzi ofewetsera kakhungu ka kutsinde kwa chikhadabo kuti anthu asiye kukadula ndi sizasi. Penti wamadzi anamutulutsa mu 1917, ndipo anali woonekera mkati, wongopatsa chikhadabo kapinki. Dzinali linayenda mpaka kwathu kuno, kumene penti aliyense wa zikhadabo, kaya wapangidwa ndi ndani, timangoti kyutekisi, monga mmene mankhwala otsukira mano onse anasandukira kolugeti.

Za galimotozo zili ndi choonadi chake. Chimene chimauma n'kusiya kachikuto kowala pachikhadabo ndi nitrocellulose, thonje lothiridwa asidi. Chinthu chomwechi ankapangira zophulika pankhondo, ankapangira filimu ya kanema, ndipo kampani ya DuPont inapangira penti wa galimoto wouma msanga wotchedwa Duco, amene anaoneka pa magalimoto a Oakland a 1924. Ndiye penti wa zikhadabo ndi wa galimoto ndi apachibale, koma sikuti akazi ankatunga m'chitini cha ku galaja. Mpaka pano kyutekisi wamba akadali ndi nitrocellulose, n'chifukwa chake sayenera kuyandikira moto.

Penti wophimbiratu chikhadabo anabwera ndi Revlon mu 1932, nthawi ya mavuto aakulu a zachuma. Anayambitsa ndi Charles Revson, m'bale wake Joseph, ndi Charles Lachman, yemwe L wa dzina lake ndi amene ali pakati pa dzina la kampaniyo. Iwo anasiya utoto wosungunuka n'kugwiritsa ntchito ufa wa utoto, ndipo mitundu inachuluka. Zofananitsa mtundu wa zikhadabo ndi wa milomo zinakula cha kumapeto kwenikweni kwa zaka za m'ma 1930.

N'chifukwa chiyani pazithunzi zakale penti sadzaza chikhadabo chonse?

Umenewo ndiye mtundu weniweni wa nthawiyo, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 mpaka m'ma 1930. Ankapaka pakati pokha, n'kusiya kamwezi koyera ka kutsinde ndi nsonga. Zifukwa zake zinali zingapo. Penti wa nthawiyo ankasuka msanga, ndipo amayambira kunsonga, ndiye kusiya nsonga kunkachititsa kuti akhalitseko. Ambiri ankakhulupiriranso kuti chikhadabo chimafunika kupuma, zimene si zoona, popeza chimadya kuchokera m'magazi a kutsinde osati mumpweya. Komanso kudzaza chikhadabo chonse ndi zofiira kunkaoneka kupitirira muyeso. Zaka zikamapita, mpata wa kunsonga unkacheperachepera mpaka kutsala kamzere ngati ulusi, kenako n'kutheratu.

Zikhadabo zinali zazitali pang'ono, zosongokera kutsogolo mozungulira. Zamakona anayi musaziike pa mkazi wa 1932.

Si chimodzimodzi ndi French manicure?

Ayi. French manicure ndi wa m'ma 1970, ndipo nsonga amaipaka penti woyera, pakati n'kukhala potuwa. Wakaleyu pakati ndiye pofiira, nsonga ndi kamwezi n'zosapaka.

Zonsezi zikuoneka za azungu. Nanga akazi akuda ankadzola chiyani?

Makampani akuluakulu sankawawerengera. Paudala wawo anali woyera, wapinki kapena wachikasu chotuwa, ndipo pakhungu lakuda ankaoneka ngati phulusa. Mpatawu anautseka ndi amalonda akuda a ku America komweko. Anthony Overton, yemwe anayamba kampani yake mu 1898 n'kuisamutsira ku Chicago mu 1911, ankagulitsa paudala wotchedwa High-Brown, wopangidwira khungu loderako. Annie Turnbo Malone wa malonda a Poro ku St. Louis, ndi Madam C. J. Walker amene anamwalira mu 1919, analimbikira za tsitsi ndi khungu ndipo anaphunzitsa akazi akuda zikwizikwi kugulitsa khomo ndi khomo ndi kutsegula masaluni awo. Ku Paris, Josephine Baker, wovina wakuda wa ku America amene anafika kumeneko mu 1925, anatchukitsa tsitsi lalifupi lonyezimira lomatirira kumutu, mpaka mafuta ake a tsitsi anagulitsidwa ndi dzina lakuti Bakerfix.

Panali kusokonekera kwina koseketsa komanso komvetsa chisoni. Nthawi imene akazi achizungu olemera anayamba kuwotha dzuwa m'magombe a ku France kuti ade, wokonza mafashoni Jean Patou mpaka kuwapangira mafuta ake mu 1927, nyuzipepala za anthu akuda zinali zodzaza ndi malonda a mafuta oyeretsa khungu. Kum'mwera kwa Africa mkangano unafikanso: Bantu World, nyuzipepala ya ku Johannesburg imene inayamba mu 1932, inachititsa mpikisano wa chiphadzuwa, ndipo owerenga ake anakangana kwambiri ngati mtsikana wakuda wophunzira ayenera kudzola paudala ndi zofiira pamilomo.

Kodi zodzola zimenezi sizinali zoopsa?

Zina zinali zoopsa zedi. Lamulo la ku America la zakudya ndi mankhwala la 1906 silinkakhudza zodzoladzola, ndiye aliyense ankathira zimene wafuna. Mu 1933 mankhwala odetsera nsidze ndi tsitsi la m'zikope otchedwa Lash Lure anachititsa akazi angapo kusiya kuona, ndipo mmodzi anamwalira. Koremlu, mafuta ochotsera tsitsi la pathupi, anali ndi thallium, poizoni wophera makoswe. Ku France, Tho-Radia ankagulitsa mafuta ankhope okhala ndi radium ndi thorium, zinthu zotulutsa cheza chowononga thupi, pogwiritsa ntchito dzina la Dr Alfred Curie, yemwe sanali n'komwe m'bale wa Marie Curie, wasayansi wotchuka pa za radium. Atsikana opaka manambala a mawotchi ndi penti wa radium ku Orange, New Jersey, atauzidwa kuti pentiyo alibe vuto, ankasongola burashi ndi milomo ndipo ena ankamupaka m'zikhadabo ndi m'mano kuti aziwala mumdima. Ambiri anawola nsagwada n'kumwalira ali aang'ono.

Lamulo lokhudza zodzoladzola linasainidwa ndi Pulezidenti Roosevelt wa ku America mu June 1938, ndipo Lash Lure ndi amene anayamba kulandidwa. Chimene sichinathe ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Anali m'mafuta ochotsera timadontho ndi oyeretsa khungu a nthawi imeneyo, ndipo akupezekabe m'mafuta ena oyeretsa ogulitsidwa m'misika ya mu Africa muno. Amawononga impso ndi mitsempha, lero monga kale.

Ndapeza kabokosi kakale ka paudala kakadali ndi paudala wake. Ndingadzole?

Ayi. Onani yankho lapamwambali. Chotsani paudalayo mosamwaza fumbi, pukutani, ndipo ngati mukufuna kukagwiritsa ntchito ikanimo watsopano. Lipisitiki ndi mascara akale ndi ongoyang'ana.

Ndikufuna nkhope ya m'ma 1920 kapena 1930 pakhungu lakuda. Ndiyambire pati?

Siyani zoyeretsa nkhope. Kutuwa kwa pazithunzi n'kwa filimu ndi magetsi, monga tafotokozera pa funso la milomo yamakala, ndipo paudala wowala kuposa khungu lanu angokusandutsani gule. Tengani wofanana ndi khungu lanu, wosanyezimira. Chimene chimanena chaka ndi kajambulidwe, osati kuyera.

Kwa 1925, gonekani nsidze ndi sopo wouma kapena guluu wa mapepala wopaka, phimbani ndi paudala, n'kujambula mzere wopyapyala wotsikira kumakutu. Maso akhale akuda mozungulira. Zofiiritsa masaya ikani pakati pa tsaya ngati kandalama, osazikokera m'mwamba, ndipo pakhungu lakuda mtundu wa vinyo kapena wa njerwa yowotcha ndi umene umaoneka. Mlomo ukhale waung'ono. Zikhadabo zingokhala zokwecha kapena zapinki woonekera.

Kwa 1935, kwezani nsidze, pepukitsani maso, zofiiritsa zikwere ku fupa la tsaya, mlomo udzaze mpaka m'mbali. Pazikhadabo, matani kapepala kozungulira kutsinde musanapake, pakani kawiri, n'kumatula penti asanaumiretu. Nsonga muipukute ndi kaburashi kopyapyala koviika m'mankhwala ochotsera kyutekisi. Dzanja lamanja limavuta ngati ndinu wamanja, ndiye pemphani mnzanu, ndipo muyambe madzulo a dzulo lake, osati galimoto ya akwati ili kale pachipata.